Odi Womaliza wa Nalimata

Padangokhala, kalekale chulu chisanakhale cha chiswe chokha, m'kati mwa chulu china chachikulu mudali mzinda. Mzindawo unkatchedwa Mpanipani, ndipo amene adautcha dzinalo sadaname. Nyama zamitundumitundu zidali thithithi m'menemo, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Ukatambasula mwendo unkaponda mnzako, ukayetsemula ankadzidzimuka ndi a kuseri kwa khoma.

Amene adamanga mzindawo adali Achiswe, ndipo pokanya dothi adathiramo matsenga awo. Adadziwa kuti chulu sichidzakula kunja, choncho a m'katimo adzalimbirana malo. Ndiye adakonza zoti makoma aziyenda. Wina akafika pakhomo pa mnzake n'kunena kuti "Odi," mwini khomo n'kuyankha kuti "Lowani," nyumba ya mwini khomoyo inkafutukuka, ndipo ya mlendoyo, kumene wachokerako, inkachepa ndi muyeso womwewo. Wa nyumba yaing'ono ankasiya pang'ono, wa nyumba yaikulu ankasiya kwakukulu. Palibe amene ankadandaula, chifukwa lero ndikabwera kwanu, mawa mubwera kwathu, makoma n'kubwerera m'malo mwake. Paja kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Zinthu zidasokonekera Nsato atakhala pampando wa Mwinimzinda. Iyeyu adali wamtali, ndipo adaona kuti nyumba yakunsonga ikumuchepera. Adakhazikitsa lamulo loti m'mawa uliwonse mzinda wonse uzikwera kukamulonjera. Iye sankabwezera aliyense. Nduna zake, Ng'azi ndi Kadzidzi, zitaona kukoma kwake zidayambanso kulonjeredwa ndi a m'misewu yawo. A pakati pa chulu, makoswe a malonda ndi agologolo, ankalonjera akunsonga, koma nawonso adalamula kuti akutsinde aziwalonjera podutsa. Zimene ankataya kumwamba ankazitola pansi, ndiye pamsonkhano uliwonse ankaimirira n'kunena kuti mumzinda zinthu zili bwino. Akutsinde okha ndiwo adalibe wowalonjera. Makoma awo ankasendera tsiku ndi tsiku, mpaka ena ankagona atapinda mawondo.

Wofuna kukana kukwera ankakumana ndi Nungu, kapitawo wa alonda. Nungu sankadziwa odi. Ankangokankha chitseko ndi phewa, minga ili njo, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Pokwera m'mawa akutsinde adali ndi nyimbo yawo. Mmodzi ankatsogolera, kufunsa kuti kunyumba kwatsala ndani wolondera khoma, ndipo onse ankavomera pamodzi kuti khoma silisowa mlonda, likubwera lokha pambuyo pawo. Inkaimbidwa motsitsa, mogwirizana ndi mapazi, ndipo akunsonga ankaiyamikira kuti ndi nyimbo yaulemu popeza sadamvetserepo mawu ake.

Kutsindeko kunkakhala mayi wina dzina lake Nalimata. Ndisakunamizeni kuti adali munthu wabwino kwambiri. Ntchito sankaikonda, pakamwa pake padali poterera, ndipo akakubwereka chinthu unkayenera kutsanzikana nacho. Mayiyu adaikira mazira awiri pangodya ya kanyumba kake. Tsono dzira la nalimata likamatika pakhoma lamatika, ukati ulikanganule waliphwanya. Sakadatha kuwasamutsa, ndipo khoma loyang'anizana nawo linkasendera kumazirawo m'mawa uliwonse. Atayeza ndi mchira wake adaona kuti khomalo lidzafika ana asanatuluke.

Adaganiza, adaganiza, kenaka adamanga kansalu kumutu, n'kugona pamphasa, n'kuyamba kubuula kuti msewu wonse umve.

Kutsinde wodwala sasiyidwa yekha. Adayamba ndi Mfuko, nkhalamba ya maso ofooka ya kuseri kwa khoma lake.

"Odi kuno!"

"Lowani, a Mfuko, lowani. Mwandipeza ndikadali moyo."

"Chavuta n'chiyani, mayi?"

"Thupi lonse. Kungoti mutu ndiye ukutsogolera."

Mfuko atatuluka kudabwera Chule, kenaka Nkhululu, kenaka akangaude ndi ana awo, aliyense ndi odi wake. Nalimata ankayankha ndi mawu a munthu wotsala madzi amodzi, diso limodzi lili pakhoma. Khoma lidabwerera, lidabwerera, mpaka m'nyumba mudapezeka malo ovinira.

Koma Mfuko atafika kwake adagunda mphuno pakhoma pamene dzulo padali njira. Dengu lake la chinangwa lidali litapanikizika pangodya, osatheka kulisolola. Adabwerera kwa wodwala uja, ndipo ulendo uno sadanene odi, adangosuzumira. Maso ake adali ofooka, koma makutu adamva bwino munthu akuthamanga kudenga, akuwakha tizilombo uku akuimba.

"Mwachira msanga, mayi."

"Mapemphero anu, a Mfuko."

"Mapemphero anga andiphwanyira dengu. Inu mwaona kuti akunsonga sakutikwanira, mwati muwonjezerepo?"

Msewu wonse udasonkhana, ndipo udagamula kuti Nalimata abwezere maulendo onse tsiku lomwelo. Adachonderera za mazira, koma munthu amene wanama za matenda m'mawa sakhulupiriridwa masana. Adayenda khomo ndi khomo akunena odi. Chimene sadachiganizire n'chakuti tsopano adali wa nyumba yaikulu, ndiye pakhomo lililonse ankasiya zoposa zimene adalandira. M'mawa mwake adakweranso ndi anzake, nyimbo ija ikuimbidwa, kukalonjera makoswe, kukalonjera nduna, kukalonjera Nsato. Pobwerera adapeza khoma lafika pangodya. Dzira lakutsogolo lidali litaphwanyika, madzi ake akuyenderera pansi.

Nalimata adalira, ndipo ulendo uno kulirako kudali kwenikweni. Chidamupweteka kwambiri n'chakuti sakadaloza Nsato yekha, chifukwa nzeru zake zomwe ndizo zidafulumizitsa khomalo. Anthu amumsewu adamva koma adachita manyazi kubwera. Adabwera ndi Mfuko yekha.

"Odi."

"Musatero, a Mfuko. Kwanu kwachepa kale."

"Ndati odi, mayi. Mundisiya panja?"

"Lowani."

Khoma lidabwerera pang'ono, lidasiya kampata pakati pa ilo ndi dzira lotsalalo. Mfuko adakhala naye pansi kanthawi. Potuluka adati, "Ndizibwera tsiku lililonse mukatsika kumwambako. Koma nyumba yanga si yaikulu, idzatha. Ngati muli ndi nzeru zina, zilozeni kumwamba, osati kwa ife."

Nalimata adamva. Adati mumtima mwake, odi wa wosauka ndi wochepa, ofunika ndi odi wa wamkulu. Wamkulu amene ankatsika kutsinde adali mmodzi yekha, Nungu. Choncho m'mawa mwake sadakwere. Adatchinga khomo ndi mphasa monga amachitira pachikuta, m'nyumba ya mayi wongobereka kumene, n'kukhala m'kati kudikira.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni adamva mgugu wa kapitawo.

"Nalimata! Tuluka!"

"Ndani kodi? Kuno n'kuchikuta."

"Chikuta chanji? Ndikankha mphasayi!"

"Kankhani, a kapitawo, mphasa ndi yanu. Koma mwamuna wolowa m'chikuta mwini wake asanamuvomere mukudziwa zimene zimamuchitikira. Amayamba ndi mapazi kutupa, kenaka masaya. Mlamu wa a Chule tidamuika chaka chatha."

Chule, amene adalibe mlamu, adatsegula pakamwa, koma Mfuko adamuponda phazi.

Nungu adaima. Kubwerera wopanda munthu kudali kovuta, kutupa kudali kovutanso. Adayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu mpaka pansi.

"Odi."

"Lowani, a kapitawo, lowani ndithu!" adakuwa Nalimata, maso ali pakhoma.

Khoma lidangoti zii. Adadikira. Adaligogoda ndi chala. Silidasunthe ngakhale pang'ono.

"A kapitawo," adafunsa modabwa, "kodi nyumba yanu ili kuti?"

Adayankha m'malo mwake ndi Nkhululu, amene pakamwa pake sipankatsekeka: "Alibe! Amagona pakhonde pa Mwinimzinda, mvula ikadontha amasendera kuchitseko!"

Msewu wonse udafa nacho chiseko. Nalimata yekha sadaseke, adangomuyang'ana kapitawoyo n'kusunga nkhaniyo mumtima. Nungu, manyazi atasanduka ukali, adamumbwandira mchira. Mchira udangoti thyo, n'kutsala m'manja mwake ukuphiriphitha, mwini wake ali kale kudenga. Nungu adaona kuti mchira ukwanira kukhala umboni wa chilango, ndipo adanyamuka nawo kupita kunsonga.

Nalimata adamulondola chakudenga, poti mumzinda wa anthu othinana palibe amene amayang'ana kumwamba, aliyense amayang'ana poponda. Adalowa m'nyumba ya Nsato, chipinda ndi chipinda, malo oti msewu wawo wonse ukadagonamo n'kutsalako. Adaona Nungu akupereka mchira uja n'kubwerera pakhonde pake. Nsato atatsala yekha adauyang'anitsitsa mchirawo nthawi yaitali. Kenaka adakoka thupi lake kuchokera kuzipinda zam'kati, adakoka, adakoka, mpaka kudatulukira mapeto ake atakulungidwa m'nsalu. Atamasula nsaluyo, Nalimata adaona kuti Mwinimzinda alibe mchira. Padali kachitsa chabe.

Zidachitika n'zakuti tsiku lina Nsato adagona mchira utalowa m'kanjira ka akutsinde. M'mawa anthu atayamba kumulonjera, kanjirako kadatsekeka monga tinjira ta akutsinde tinkachitira, n'kumudula. Adabisa, chifukwa mwambo wa Mpanipani unkati Mwinimzinda akhale wathunthu. Ndipo nyengo yofundula idali pafupi, pamene ankayenera kudzitambasula yense pabwalo, nduna zikuona, n'kuvula khungu lakale. Ng'azi ankauyang'ana mpandowo ndi diso lanjala kuyambira kalekale.

Nalimata adatsika akumwetulira koyamba chiphwanyikire dzira lija.

Masiku otsatira adakwera ndi anzake mwaulemu, akuvomera nyimbo ija mokweza kuposa onse. Akatsika, Mfuko ankabwera ndi odi wake kudzabweza zimene khoma ladya. Nyumba ya nkhalambayo idachepa mpaka dengu adalitulutsa panja, kenaka mphasa, kenaka ankagona chokhala. Nalimata ankadya ngati wolipidwa, ndipo mchira udaphuka, udatalika, mpaka udakhala wosalala kuposa woyamba.

M'mawa wina adafika pakhomo pa Nsato, adanena odi wake, ndipo potembenuka adachedwa dala, akuugwedeza mchirawo uku ndi uku.

"Iwe," adatero Nsato. "Bwerera. Enanu pitani."

Nalimata adagwada.

"Si iwe amene Nungu adakudula mchira?"

"Ndine, wamkulu. Adandilanga bwino, ndidamva."

"Nanga uwo?"

"Aka? Ndi kamankhwala ka kwathu, wamkulu. Si nkhani yoti ifike m'makutu mwanu."

"Ndili ndi mbale wanga," adatero Nsato akuyang'ana kumbali, "amene adachita ngozi. Ubweretse mankhwalawo mawa."

"Ha, zikadatheka! Mankhwalawa sayenda, wamkulu. Ndi dothi la pangodya ya nyumba yanga, likangotuluka pakhomo lasanduka dothi wamba. Wodwala ndiye amatsata sing'anga. Abwere masana, chithunzithunzi chili pansi pa mapazi, alowe mwaulemu monga amalowera kwa sing'anga aliyense. Wolowa mokankha chitseko amatuluka ndi nthenda yake."

Nsato sadali chitsiru. Adadziwa bwino mtengo wa odi wa munthu wa nyumba ngati yake. Koma adati mumtima, odi mmodzi n'chiyani? Mawa mzinda wonse ukwera, zonse zibwerera. Ndiye adalengeza kuti Mwinimzinda, mwa chikondi chake, atsika kukayendera anthu ake akutsinde.

Madzulo ake Nalimata adapita kwa Mfuko n'kumufotokozera zonse.

"Mukufuna ine ndikhale m'nyumba imodzi ndi Nsato?" adafunsa Mfuko.

"Muphimbe dzira ndi mimba yanu, msana muloze kukhoma linalo. Muziimba nyimbo yathu ija osaleka. Khoma likakukhudzani pamsana, mulekeretu pomwepo."

"Nanga akandimeza?"

"Sameza wothandizira sing'anga mankhwala asanaume."

"Mayi, inu bodza lanu lidandiphwanyira dengu."

"Lero ndaliloza kumwamba, monga mudanenera."

Mfuko adapukusa mutu, koma adavomera.

Masana a tsiku lotsatira mzinda wonse udatsikira kutsinde kudzaona zachilendozo. Makoswe adatseka malonda, Ng'azi ndi Kadzidzi adabwera pambuyo pa mbuye wawo, Nungu akukankha anthu kutsogolo. Nsato adafika pakhomo pa Nalimata, mapeto a thupi lake atakulungidwa m'nsalu yokongola imene anthu adayesa ndi yaulemu. Adatsokomola, n'kunena mawu amene sadawatchulepo chikhalire pampando.

"Odi."

"Lowani, wamkulu!"

Chulu chonse chidanjenjemera. Khoma la Nalimata lidathawa ngati laona moto, ndipo kanyumba kaja kadasanduka chipinda chenicheni. Nsato adalowetsa mutu, khosi, ndi chifuwa pang'ono, basi m'nyumba mwadzaza.

"Pepani, wamkulu," adanong'oneza Nalimata, "mankhwala ndi a kumapeto, ndipo mapeto akadali kumsewu. Nyumba ya mphawi ndi imeneyi. Mutuluke munenenso, ifutukuke."

Nsato adatuluka, adanenanso odi, adalowa. Ulendo uno mudalowa mpaka pamimba. Adatulukanso, mtima utayamba kumuwawa, poti ankamva chulu chikulira kumwamba ndipo ankadziwa kuti zikulirazo ndi zipinda zake.

"Tachita mopusa," adatero motsitsa. "Ndingotembenuka, ndilowetse kumapetoko kokha."

Nalimata adagwira pakamwa, n'kuyankha mokweza ndithu kuti akutsogolo amve: "Chafutambuyo, wamkulu? Masana ano, anthu akuona? Kwathu kuno wolowa m'nyumba ya mwini chafutambuyo timamudziwa ntchito yake. Ine sindinganene kanthu, koma pakamwa pa a Nkhululu mukupadziwa."

Manong'onong'o adayenda m'khamulo. Mawu oti mfiti sadatchulidwe, koma aliyense adawamva. Ng'azi adasendera kutsogolo, maso ali gwa pansalu ija. Nsato adaona kuti kubwerera kumwamba wopanda mchira ndi kutaya mpando, kulowa chafutambuyo ndi kutaya dzina. Chotsala chidali chimodzi.

"Odi!"

"Lowani!"

"Odi!"

"Lowani, wamkulu, kwanu konkuno!"

Adanena, adanenanso, mpaka mawu adasasa, ndipo pomaliza nsalu ija idalowa, chitseko n'kutsekedwa. Nyumba ya Nalimata idali tsopano yaikulu kuposa ina iliyonse mu Mpanipani. Pangodya, Mfuko adali atakumbatira dzira.

Nalimata adamasula nsalu, adakanda dothi ndi phulusa, adamata pakachitsa paja mwaluso ngati adabadwira using'anga.

"Tsopano mugone phee, wamkulu. Musayankhule, musatembenuke mpaka liume. Awa aziimba kuti mankhwala alowe. Mukamva ngati makoma akuyenda, ndi mankhwala akugwira mutu. Ine ndikatenge kamuzu kotsiriza."

Nalimata adadziwa kuti malo onsewo akakhala m'nyumba imodzi, Nsato adzawalanda ndi lamulo limodzi, ndipo mwini nyumba adzam'meza pamodzi ndi dzira lake. Choncho atangotuluka adauza anthu amumsewu kuti aliyense athamangire pakhomo pake, iye awagawire malowo ndi odi wake. Mfuko adayamba nyimbo m'katimo ndi mawu ake okalamba, kufunsa za wolondera khoma. A pakhomo loyandikana adavomera, otsatira adalandira, mpaka nyimbo idayenda misewu yonse yakutsinde. Tsiku limenelo sidaimbidwe motsitsa.

Nalimata adayambira kwa Mfuko, kumene Chule adaima m'malo mwa mwini kuti ayankhe. Kenaka kwa Chule, kwa Nkhululu, kwa akangaude, kwa anthu amene adawabwereka zinthu osabweza ndi amene sankayankhulana nawo.

"Odi!"

"Lowani!"

Sankakhala n'komwe. Phazi limodzi m'kati, kenaka ulendo. Pambuyo pake makoma ankafutukuka, ana ankagwa chagada poti chimene adatsamira chachoka, amayi ankalulutira. Iye ankangomvetsera nyimbo. Ikamveka, ndiye kuti dzira likadali ndi malo.

M'nyumba muja Nsato adapirira. Khoma lidamukhudza m'nthiti, adati ndi mankhwala. Lidamupinda pawiri, adati ndi mankhwala amphamvu. Litayamba kumufinya pakhosi adakumbukira tsiku limene kanjira kadamudya mchira, ndipo mantha adamugwira. Adaswa chitseko n'kutuluka ngati muvi, thupi lonse mpaka kumapeto, kachitsa kali pamtunda, matope akugwa.

Khamu lonse lidakaona kachitsako. Kenaka Ng'azi adafunsa mwaulemu wonse, "Wamkulu, kwinako mwakusiya m'nyumbamo?"

"Nungu!" adakuwa Nsato. "Ndigwirire Nalimata! Usagwire mchira, ugwire khosi!"

Nungu adathamanga, ndipo adamupeza kumapeto kwa msewu wotsiriza, kumene kudalibenso khomo, koma khoma lokhala ndi mng'alu. Nalimata adali atatopa, miyendo ikukana kukwera. Nyimbo inkamvekabe, koma iye adadziwa kuti kwatsala pang'ono, mwina odi mmodzi yekha. Akautaya pachabe, dzira lapita. Akagwidwa, dzira lidzaswa popanda mayi, ngati Nsato angalisiye.

"A kapitawo," adatero akupuma mwabefu, "musanandigwire, taimani mumng'alumo."

"Bodza lina?"

"Khonde lanu kulibenso, lapita ndi zipinda za mbuye wanu. Mukandipereka mukagona kuti? Taimani mumng'alumo, muyang'ane kuno."

Nungu adayang'ana mng'aluwo. Udali wongokwana mphuno ndi phazi limodzi. Adaikamo phazilo, mwina pofuna kuona mapeto a bodzalo. Nalimata adabwerera pang'ono, adawomba m'manja mwaulemu monga amachitira pakhomo pa munthu wolemekezeka.

"Odi kuno kwa a Nungu!"

Kapitawo uja adamuyang'ana modabwa. Moyo wake wonse palibe adamuuzapo zimenezi. Minga yake idagona yokha.

"Lowani," adatero Nungu. "Lowani, mayi."

Mng'alu udatseguka, udafutukuka, mpaka padakhala kachipinda kokwana nungu mmodzi kugona atatambasula miyendo. Nthawi yomweyo nyimbo idaduka. Kudayamba kuti zii kumsewu wa Nalimata, ndipo bata lidayenda khomo ndi khomo mpaka lidawapeza.

Nalimata adathamanga osaona njira. Pamene padali nyumba yake padatsala kaphanga, ndipo m'menemo mudali msana wa Mfuko wokhawokha, khoma litaukanikiza.

"A Mfuko! A Mfuko!"

"Musakuwe, mayi, ndili moyo. Ndikokeni miyendo, koma pang'onopang'ono."

Adamukoka, Chule akuthandiza, mpaka nkhalamba idatuluka ngati chotsekera m'botolo. Kumbuyo kwake, pangodya, dzira lidali lathunthu. Nalimata adaligwira ndi dzanja, adamva kanthu kakugunda m'kati, ndipo adakhala pansi n'kulira ndi chimwemwe pamaso pa msewu wonse.

Nsato atakwera kunsonga adapeza nyumba yake yatsala yongokwana mutu. Adalamula kuti mzinda ubwere kudzamulonjera, koma nduna zidamukumbutsa mwambo wa munthu wathunthu, ndipo Ng'azi adakhala pampando tsiku lomwelo. Nsato adatuluka m'chulu, ndipo mpaka lero amagona m'mauna okumba ena. Ng'azi naye adayesa kusunga lamulo lolonjera, poti kukoma kwake ankakudziwa. M'mawa mwake palibe adakwera. Adatuma mthenga kwa Nungu kuti akatenge anthu, ndipo mthengayo adapeza kapitawo akusesa pakhomo pake.

"Kawauzeni kuti ndili ndi alendo," adatero Nungu. "Akafuna kundiona abwere, khomo ndi ili."

Sindikunena kuti Mpanipani adasanduka mzinda wa chilungamo. Akunsonga adakhalabe kunsonga, ndipo makoswe adapitiriza kunena pamisonkhano kuti zinthu zili bwino. Koma kutsinde anthu adagona atawongola miyendo, ndipo Mfuko adalowetsanso dengu lake m'nyumba.

Dzira lidaswa, mudatuluka kamwana ka maso aakulu ngati a mayi ake. Anthu amumsewu adapangana kuti apite kwa Nalimata mmodzimmodzi ndi odi, kuti nyumba yake ibwerere. Iye adakana. Masiku amene ankadikira dzira adagona pamakoma a anzake, lero kwa Chule, mawa kwa Nungu, ndipo adaona kuti moyowo ndi wokoma: kusesa kulibe, tizilombo n'ta mwini nyumba, ndipo wodera nkhawa khoma ndi wina. Ndidakuuzani kuti ntchito sankaikonda. Anthu adaseka, n'kugwirizana kuti iye ndi ana ake okha ndiwo azilowa m'nyumba iliyonse osapempha.

Ndiye inu mukamuona ali phee pakhoma panu, musathamangire tsache n'kumafunsa kuti walowa bwanji wopanda odi. Odi wake adaumaliza tsiku lija, ndipo womaliza adaupereka kwa munthu amene adabwera kudzamugwira pakhosi.

Nthano yanga yatseka chitseko pamenepo.